Tiyamike Ali Kwanga, Amayi

Amayi, kumene muliko zikuyenda bwanji?

Ine kuno ku Perth moyo ulipo, ana ali bwino, koma mtima wanga sukukhala pansi. Kalata iyi ndayiyamba katatu sabata ino. Ndikangogwira cholembera ndimadzukanso, kukapukuta mbale zouma kale, kukathirira nkhwani umene ndathirira m'mawa womwewo. Lero sindili pa ntchito, ndiye ndalumbira kuti sindichoka pampando pano ndisanakuuzeni zonse.

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti munkadana ndi munthu wofikira pa nkhani asanapereke moni. Mng'ono wanga Esinati anachira bwinobwino nthawi yokolola, mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Pa chithunzi chimene ananditumizira pa foni, chipumi ndi chanu ndithu. Chimanga sichinachite bwino chaka chino, mvula inadula chikungomasula kumene. Koma kachewere kudimba lanu lija wabereka moti anachita kuitana anthu odzathandiza kukumba. Zidzukulu zanu kuno, Tadala ndi Yankho, zakula. Ndikawalankhula Chichewa amamva zonse, koma amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Mukanaseka mpaka kugwira nthiti.

Tsopano nkhani ija.

Kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ku Murdoch kuli mzamba wina dzina lake Nuha. Ndi Mpalesitina. Inde Amayi, dziko lomwe lija munkaliwerenga m'Baibulo, la Betelehemu ndi Yeriko. Kuli anthu mpaka lero, ndipo nkhondo yawasautsa koopsa. Tinazolowerana chifukwa timakwera sitima imodzi poweruka. Tsiku lina ndinamufunsa za kachikwama kake kopetedwa ndi ulusi wofiira, ndipo anandiuza kuti anapeta ndi amayi ake. Kenako anandifotokozera za mkulu wake, Mariyamu.

Mariyamu anakwatiwa kumudzi woyandikana nawo. Patapita zaka zochepa anamwalira, akuchimuna nkunena kuti anagwa pa masitepe. Amene anasambitsa thupi ndi amayi akewo. Atatuluka m'chipinda muja anaima pakati pa azimayi onse a pamaliro nkunena kuti, "Mwana wanga sanagwe. Ndamusambitsa ndine, ndaona." Achibale anawanyanyala. Ena anati achititsa manyazi mtundu wonse.

Amayi aja sanabwerere m'mbuyo. Anayambitsa gulu la azimayi opeta nsalu. Nuha akuti mwamuna sangalole mkazi wake kupita ku msonkhano wa za nkhanza, koma kukapeta diresi amalola. Ndiye singano zili m'manja, azimayi amafunsana zimene zikuchitika m'makomo mwawo. Amaitana loya wamkazi kudzawaphunzitsa kuti mwana wamkazi naye ali ndi gawo lake pa munda wa azitona wa bambo ake, asamangosainira alongo ake chifukwa cha mantha. Amapita kwa akuluakulu a kumzikiti ndi a kutchalitchi kukawapempha kuti alalikire zoti kumenya mkazi ndi tchimo. Amene moyo wake uli pachiswe amamuperekeza ku nyumba yobisalirako. Masiku ano misewu imatsekedwa ndi asilikali, ulendo waufupi nkutenga tsiku lonse, ndipo alipo amene amawauza kuti, "Dziko likuyaka, ino si nthawi ya nkhani za akazi." Iwo amayankha kuti, "Mkazi amene wathawa mfuti masana asamakaopenso mwamuna wake kunyumba."

Kuno nakonso Nuha amasonkhanitsa azimayi akwawo Loweruka lililonse mu holo ina, kupeta ndi kucheza chimodzimodzi. Anandipempha kuti ndizikawayeza kuthamanga kwa magazi. Ulendo wachiwiri ndili pomwepo, mayi wina wachikulire ankalangiza mtsikana amene ankalira. Ndinafunsa Nuha kuti akuti chiyani. Anandinong'oneza kuti, "Akumuuza kuti banja ndi kupirira."

Amayi, ndinakumbukira inu. Mawu anu omwe aja, m'chinenero china, kutsidya lina la dziko. Munkatiuza kuti nyumba anaiikira chitseko kuti za m'kati zikhale m'kati. Munkatiuzanso kuti khutu lanu lakumanzere linagontha ndi mankhwala a malungo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinali kuseri kwa nkhokwe tsiku limene bambo anakumenyani khofi lija. Ndinaona magazi akutuluka m'khutu. Ndakhala nesi zaka zonsezi, ndikudziwa chimene chimagonthetsa khutu limodzi tsiku limodzi. Sindinakufunseni mpaka tinakuikani m'manda. Sindikukuimbani mlandu. Mukanapita kuti ndi ana asanu?

Nuha anakhala pansi pafupi ndi mayi uja nkumufunsa mwaulemu kuti, "Azakhali, inu munapirira. Kodi mukufuna mdzukulu wanu adzapirirenso zomwezo?" Singano ya mayi uja inaima.

Ine ndinabwerera kunyumba ndili ndi dzina limodzi m'mutu: Tiyamike, mkazi wa Limbani.

Pepani Amayi, ndikudziwa kuti Limbani ndi mzime wanu, amene munkamubisira chiwindi cha nkhuku. Munamwalira asanabwere kuno. Pano amagwira ntchito ku msika waukulu wa masamba ndi zipatso ku Canning Vale, ndipo amalimbikira, zimenezo sindingamunamizire. Chaka chatha anaitanitsa mkazi wake ndi mwana. Kutchalitchi Tiyamike ankavala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa la kuno likuswa mtengo. Anasiya kuimba kwaya. Ndikamuimbira foni, amayankha ndi Limbani. Tsiku lina ndinaona chala chake chitapindika, iye nkuti anadzitsekera ndi chitseko cha galimoto. Ine nesi wathunthu ndinangoti, "Pepani mlamu, muzisamala." Ndinadziwa, Amayi. Ndinasankha kusadziwa chifukwa womenyayo ndi mlongo wanga.

Lolemba ndinamuuza Nuha zonse pa sitima. Ndinati mawa ndikamukalipira Limbani. Anandigwira dzanja nkunena kuti, "Ayi. Ukamukalipira, iwe ubwerera kwanu, mkwiyo wake utsikira pa mkaziyo. Pita kwa mkaziyo ali yekha. Usakamulamule, walamulidwa mokwanira. Ukamufunse chimene akufuna, ndipo akakana ukamuuze kuti udzabweranso."

Lachinayi m'mawa, Limbani ali ku ntchito, ndinapita. Tiyamike anatsegula pang'ono pokha. Mlomo unali wotupa. Atandilowetsa ndinakhala pa mpando nkunena kuti, "Mlamu, sindinabwere ngati mlongo wa Limbani. Ndikudziwa kuti akukumenyani. Ndinadziwa kalekale, ndikhululukireni."

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Alamu, akuti ndikangouza munthu, viza yanga aithetsa, andikweza ndege, mwana atsala kuno."

Ndinamuuza kuti Limbani si boma, ndipo alipo anthu odziwa malamulo amene angamufotokozere zoona zake. Ndinamufunsa kuti, "Inu mukufuna chiyani?"

Anati, "Ndikufuna kugona tulo."

Basi, mawu ake anali amenewo. Pasipoti yake tinaipeza pamwamba pa kabati, m'bokosi la nsapato za Limbani. Tinatenga zovala za mwana ndi Baibulo lake, nkutuluka dzuwa likuwala, anthu oyandikana nawo akuona. Nuha anatilozera ku bungwe lothandiza azimayi, ndipo kumeneko anamuperekeza kupolisi ndi kukhoti. Pano Limbani waletsedwa kumuyandikira. Polemba sitetimenti, wapolisi anandifunsa ngati ndinaonapo mabala. Ndinati inde. Ndinatchula chala, ndinatchula mlomo. Dzina la mwana wanu ndinalitchula ndi pakamwa panga.

Limbani anandiimbira tsiku lotsatira. Anati, "Achemwali, mwandigulitsa kwa azungu. Amayi akanakhala moyo simukanachita zimenezi."

Ndinamuyankha kuti, "Limbani, unali wakhanda, sunaone zimene ndinaona ine. Koma manja ako ndikuwadziwa kumene anachokera."

Anadula foni. Amalume kumudzi akuti ndapasula banja la mlongo wanga. Kutchalitchi ena asiya kundipatsa moni, ena amandifinya dzanja mwakachetechete. Bambo a Tadala ali mbali yanga, ndipo apita kawiri kukamuona Limbani, kumuuza za maphunziro a amuna ofuna kusiya nkhanza. Ulendo woyamba anawathamangitsa. Wachiwiri analandira kapepala nkukaika m'thumba. Kaya apita, kaya sapita, sindikudziwa.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi funso lake lija. Mukanakhala moyo mukanati chiyani? Tsiku lina ndimakuonani mukundikalipira kuti magazi ndi magazi. Tsiku lina ndimakumbukira mmene munabisira mkazi wa aphunzitsi uja m'khitchini mwathu masiku atatu, nkumauza mwamuna wake kuti simunamuone. Munali anthu awiri, Amayi, ndipo sindikudziwa kuti ndi uti akanandiyankha.

Tiyamike ndi mwana wake ali kwathu kuno, m'chipinda cha Yankho. Masiku oyamba ankadzidzimuka chitseko chikangolira. Dzulo ndinamumva akuimba pochapa, motsitsa mawu, koma akuimba.

Loweruka lapitali anapita nane ku holo kuja. Nuha anaimbira amayi ake pa foni ya kanema, netiweki ikuduladula, nkundiitana kuti ndiwaone. Ndi mayi wochepa thupi, wa magalasi okhuthala. Nuha anali atawafotokozera kale za ife. Anandiyang'ana nkulankhula, Nuha akumasulira: "Kuima potsutsana ndi mlendo nkosavuta. Kuima potsutsana ndi wako kumawawa mpaka kufa, ine ndikudziwa. Ukawapatse moni amayi ako, ukawauze kuti analera bwino."

Sindinawauze kuti munatisiya. Ndinangoti ndikanena. Ndiye ndi umenewu moni wanu, Amayi, wochokera kwa mayi mnzanu amene anaika mwana wake m'manda.

Limbani sindimutaya, musadandaule. Ndi mwana wanu, ndi mlongo wanga, ndipo tsiku limene adzafune kusintha adzandipeza ndili pomwepo. Koma Tiyamike sindimubweza ndi manja anga, ngakhale mudzi wonse undikane. Limenelo ndiye lonjezo langa kwa inu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Felesiya