Dzina Sanalembe, Koma Andidziwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kaduya tili bwino, kungoti amayi mwendo ukuwavutabe.

Chaka chatha kunabwera a bungwe lina kudzatifunsa za umoyo. Analonjeza kuti mayina sadzatuluka, ndipo sanatulukedi. Pa pepala lomwe anamata ku ofesi kwawo analembapo mudzi, zaka, chiwerengero cha ana ndi mankhwala omwe munthu amamwa.

Mwezi watha anamata lina pambali pake, la olandira mbuzi. Limeneli linali ndi mayina, mudzi, zaka ndi ana. M'mudzi muno mayi wa zaka 43 wa ana asanu ndi awiri ndine ndekha. Anthu anangofananiza mapepala awiriwo.

Nditapita kukadandaula, mlembi wawo anati, "Mayi, dzina lanu pa za mankhwala sitinalembepo." Ndinamufunsa, "Nanga kuchigayo andidziwa bwanji?" Anamatula, koma anthu anali atawerenga kale.

Ndiye achimwene, ndimamwa ma ARV, chino ndi chaka chachinayi, ndipo ndili ndi mphamvu. Ndafuna mumve kwa ine, osati kwa ena. Mukaimba foni, amayi musawauze. Ndiwauza ndekha, ngati sanamve kale.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati