Za Njinga ya Mpingo Yolira Yokha Pabwalo

Komiti Yoyendera Odwala, mpingo wathu wa kuno kwa Kabudula

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi

Opezeka: Mayi Tisiyenji Mbewe, wapampando, Mayi Loveness Chisale, osunga chigubu cha petulo, Bambo Lyton Nkhoma, mkulu wa mpingo woyendetsa njinga yamoto, Mayi Rozaria Kalumbu, ndi ine Jonas Chikuse, mlembi.

Osapezeka: Bambo Luckson Banda. Ali pa mzere wa mafuta ku Nsaru. Akuti mzerewo ukuyenda ndithu, koma chobwerera m'mbuyo.

1. Kutsegula

Wapampando anapemphera okha. Bambo Lyton anali atayimirira kale, koma anapemphedwa kukhala pansi pa chifukwa chimene chili m'munsimu.

2. Kutha msanga kwa petulo

Mayi Loveness anati mafuta akweranso mtengo, ndipo chigubu chimene chinkatha mwezi tsopano sichifika n'pakati pomwe. Anati tsiku lina anapeza njinga ya mpingo ikulira yokha pakhomo pa wodwala, nkhuku zikutsokomola ndi utsi, Bambo Lyton ali m'nyumba kupemphera. Mayiwo anapita kuchigayo, anagayitsa, pobwerera njinga ikulirabe, Ameni asanamveke. Anati tonse timadandaula za mtengo, koma wokweza mtengoyo si amene anasiya injini ikulira. Anapempha kuti njinga ipatsidwe munthu wina, ndipo anatola makiyi pabenchi n'kuwamanga pansonga ya chitenje.

Bambo Lyton sanakane. Anati kiki yolizira njinga inathyoka, ndipo amakaniko a ku Msundwe akuti chitsulo chake chikubwera, monga chakhala chikubwera chikololere chimanga. Njingayo ikazima imafuna kukankha, pamene mawondo awo anapuma pantchito kalekale. Anatinso chimwalirire mayi akunyumba, ulendo wa kwa odwala ndiwo umawadzutsa m'mawa. "Mukandilanda makiyiwo, amayi, muyambe kuyendera ine."

Mlembi anapezerapo mpata wosongola pensulo.

Wapampando anafunsa ngati pemphero silingafupikeko. Bambo Lyton anati: "Munthu ali gone, mwana ali ku Joni sayimba foni, mbuzi zamudyera dimba. Kodi ndisiye chiti?" Mayi Loveness anati asiye mafumu a Isiraeli, poti iwo sadwalanso. Wapampando analamula kuti mawu amenewo asalembedwe.

Mayi Rozaria anati akudabwa nafe. Kwathu kuno mlendo saturuka yekha. Timamuperekeza mpaka pamphambano titamunyamulira katundu. "Nanga kukankha njinga si kuperekeza komweko, eti?" Mayi Loveness anafunsa za nyumba imene muli wodwala yekhayekha. Wapampando anati nyumba yotero ikusowa anthu, osati njinga, ndipo a m'mudzimo azidziwitsidwa kuti akapezeke.

Zogwirizana:
(a) Bambo Lyton azizimitsa injini asananene kuti "Odi".
(b) A pakhomo aziwaperekeza chowakankha.
(c) Pemphero likhale mmene lilili, poti silidya petulo.

Mayi Loveness anati avomera akaona ndi maso.

3. Kuyesa

Komiti inapita kumsewu. Bambo Lyton anakwera, amayi atatu anakankha, mlembi anayang'anira. Anadutsa pamjigo, anadutsa pachigayo, njinga ili chete ngati yalumbira. Atafika pamlatho, Mayi Rozaria anafunsa ngati yayatsidwa. Apa m'pamene zinadziwika kuti makiyi adakali kuchitenje.

Atafunsidwa chifukwa chimene sananenere, Bambo Lyton anati sanafune kusokoneza Mayi Loveness, poti amakankha bwino kuposa onse, komanso komiti inali itayenda mtunda wonsewo osawononga ndi dontho lomwe.

Mayi Loveness anakhala pansi kaye. Kenako anamasula makiyi n'kuwapereka, nati: "Tengani, bambo, musanandiphe. Ndikadwala mubwere wapansi."

Njinga inalira.

4. Zina ndi zina

Panalibe. Anthu anali wefuwefu.

5. Msonkhano wotsatira

Loweruka loyamba la Julayi, pamalo omwewo. Mayi Loveness apempha kuti pakhale mpando wotsamira.

Msonkhano unatsekedwa pamlatho pomwepo, dzuwa litapendeka.

Tisiyenji Mbewe, Wapampando
Jonas Chikuse, Mlembi