Amuna Anga Anayeza Atate Akadali Moyo

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndimaphunzitsa pasukulu ina ya atsikana kuno ku Fort Jameson. Kwathu ndi ku Chiparamba. Ndakulemberani chifukwa kuseri kwa chitseko cha nyumba yanga kuli bango, ndipo bangolo latsala pang'ono kuthetsa ukwati wanga. Mwina mukuseka. Inenso ndikanaseka likanakhala la mnzanga.

Chaka chatha mvula itatha, kunabwera Mzungu wina wochokera kusukulu yaikulu ya ku Ulaya. Amamutchula kuti Dokotala, koma sadziwa kubaya jekeseni. Udokotala wake ndi wa manambala. Ntchito yake ndi yofufuza mmene anthu a m'maiko osiyanasiyana ankakhalira kalekale, ngati ankakhuta kapena ayi. Ankafuna womasulira wodziwanso kulemba, ndiye anatenga amuna anga, a Edmond, amene panthawiyo anali kalaliki pasitolo ya Mmwenye wina.

Tsiku lina Dokotalayu anadzamwa tiyi kwathu ndipo anatifotokozera nzeru yake. Anati anthu akale sanalembe zimene ankadya, koma matupi awo anasunga. Mwana akakula ndi njala amakhala wamfupi moyo wake wonse. Tsono ukayeza utali wa amuna ambiri obadwa nthawi imodzi, ungathe kudziwa ngati dziko linali ndi chakudya iwo ali ana. Anati ali kale ndi utali wa asilikali a ku Faransa amene anafa agogo a agogo athu asanabadwe, wa akaidi a kwawo, ndi wa Amwenye amene ankatengedwa kukadula nzimbe kutsidya la nyanja. Tsopano akufuna kuika Achewa ndi Angoni pamzere womwewo, kuti aone ngati amene anabadwa ng'ombe zitalandidwa, anthu atapanikizidwa m'malizevu, malo ochepa amene Azungu anawasiyira, ndi aafupi kuposa makolo awo. Ndinamufunsa kuti akapeza kuti tinali ndi njala adzatani. Anati adzalemba buku. Ndinangomuthirira tiyi wina.

Mukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano a Chitaganya. Mzungu akaima pamunda n'kutulutsa pensulo, mwini munda amayamba kutsanzikana ndi mizere yake. M'midzi yambiri amuna ankathawira kudambo akangomva galimoto. Ena ankati akusankha anthu okagwira ntchito kumigodi, ena ankati ndi anamapopa. Anam'patsa dzina loti Bwana Inchi. Ntchito itavuta choncho, a Edmond anaganiza zokayesa kwathu ku Chiparamba, poti kumeneko ndi akamwini, anthu sangawathawe. Linali Loweruka, ndiye inenso ndinakwera nawo kuti ndikaone makolo.

Panjira galimoto inagwera m'ngalande ndipo chitsulo choyezera chinapindika. Titafika, a Edmond anatsikira kudambo, anadula bango lalitali lowongoka bwino, n'kulitema mainchesi ndi mpeni. Iwo ndi mwana wa aphunzitsi, anakulira pamishoni, ndipo maliro amene anaona ali mwana ndi a mabokosi a kalipentala. Sindinganene kuti sadziwa kuti kumudzi munthu amayezedwa ndi bango kamodzi kokha, pamene adzukulu akufuna utali wa manda. Amadziwa. Koma amadziwa ngati mmene amadziwira maina a mitsinje ya ku Canada: mayeso akatha, nkhani yatha.

Atate anga, a Petulo, anadzipereka kukhala oyamba kuti ena alimbe mtima. Koma msana wawo unapindika kalekale ndi khasu, sakanatha kuima mowongoka. Dokotala anati nambala ya munthu wowerama ndi yabodza, ndi bwino agone pansi. Ine ndinali kukhichini. Pamene ndinkatuluka ndinapeza mphasa yayalidwa pabwalo, atate agona chagada, ndipo a Edmond, mkamwini amene sanadyepo mbale imodzi ndi apongozi ake, akuwawongola miyendo ndi manja awo. Kenaka anagoneka bango pambali pawo, kuyambira kumutu mpaka kuchidendene. Amayi ankapeta pakhonde. Lichero linaima m'manja mwawo.

Atate anaseka, akadali chigonere. Anati, "Mkamwini, bangolo mulisunge bwino. Mwawapeputsira ntchito adzukulu." Amuna amene analipo anaseka nawo, koma palibe wina anagonanso pamphasa ija.

Atate anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Ine ndikudziwa chimene chinawapha. Chinali chifuwa chimene anachitenga ali mnyamata m'mabalani a fodya, ndipo kuchipatala anatiuza kale kuti mapapo atha. Ndinapita kusukulu, Aphungu, sindikhulupirira kuti bango limapha munthu. Koma pamaliro mmodzi wa adzukulu ananena mokweza kuti, "Tisavutike n'kupita kudambo. Kafunseni akalaliki, akuuzani mainchesi." Malume anga, a Bonifasi, anatumiza mawu akuti a Edmond asalowe m'nyumba ya siwa ndipo kumanda asapite. Anakhala pansi pa mtengo wa mango pambali pa njinga yawo mpaka anthu anabwerako, kenaka anapalasa kubwerera kutauni.

Kuyambira pamenepo amayi sanatchulepo dzina lawo. Amangoti "uja wa bango". Ine ndinkaganiza kuti nthawi idzazimitsa zimenezi. Koma mwezi watha amayi anabwera kudzagulitsa mtedza kumsika, ndipo anapatukira kwathu osatiuza. A Edmond ali ndi chizolowezi choyeza ana kumapeto kwa mwezi, kuti aone ngati akukula bwino. Amayi analowa n'kupeza mwana wanga Molly ataima njo, bango lomwe lija lili kumsana kwake, atate ake akutema chizindikiro pabangopo, pamene palekezera mutu wake. Sanakhale pansi, ngakhale madzi sanamwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Anayamba ndi atate ako. Tsopano wafika pa ana." Ananyamula dengu lawo n'kutuluka.

Tsopano malume atumiza mawu akuti tikakolola kudzakhala m'meto wotsiriza wa maliro a atate, ndipo ndidzapite ndi ana ndi katundu wanga, osadzabwereranso. Akuti ana ndi mbumba yawo, sangawasiye m'nyumba imene akuyezedwa ali moyo. Ndachonderera a Edmond kuti akapepese. Yankho lawo ndi limodzi: "Ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti ndine mfiti." Akuti bango ndi chida ngati rula ya kusukulu, ndipo Dokotala analiyesa n'kupeza kuti silinama.

Dokotala mwiniwake anabwera kudzandipepesa, chipewa chili m'manja, ndipo ndinaona kuti zinamukhudzadi. Potsanzika anafunsa ngati ndikudziwa chaka chimene atate anabadwa, poti popanda chakacho nambala yawo ndi yopanda ntchito. Tsiku lina a Edmond anandibweretsera pepala lalikulu lodzaza timadontho, anandilozera kamodzi n'kunena kuti awa ndi atate, ndipo anali aatali pang'ono kuposa asilikali a ku Faransa aja. Ankafuna kunditonthoza. Ndi mmene amakondera munthu, amuna angawa.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Dokotala akufuna kuwatenga a Edmond kupita nawo ku Halale, kuti azikamuwerengera mapepala akale onena za malipiro ndi mitengo ya chimanga. Nyumba iliko, ndipo ulendo ndi wa mwezi womwewo wa m'meto. A Edmond akuti ndiyo njira yabwino, tipite kutali, anthu aiwale. Amayi anga ndimawadziwa, akukumbukirabe mbuzi imene inawadyera chinangwa ine ndisanabadwe.

Amuna anga samwa, sanandimenyepo, ndipo sanaphe munthu. Amayi anga nawonso sindikuona chimene alakwa. Nditsatire ndani?

Y. B.
Fort Jameson

Mayi Y. B.,

Sindikuseka. Pepani ndi maliro a atate anu.

Bango silinaphe a Petulo. Inu mukudziwa, ndipo ndikhulupirira kuti pansi pa mtima amayi anunso akudziwa, pakuti ndiwo anagona pafupi ndi chifuwa chimenecho zaka zonsezi. Chimene chikuwapweteka n'china. Anaona mwamuna wawo akugonekedwa ngati mtembo pabwalo, mudzi wonse ukuyang'ana, ndipo wogonekayo ndi mkamwini wofuna kukondweretsa mlendo. Maliro amenewa mayi anu awaona kawiri. Musanyengedwe ndi nthabwala ya atate anu. Munthu wamkulu akachititsidwa manyazi pamaso pa alendo amaseka kuti aphimbe mwana wolakwayo. Anamuphimba mkamwini wawo tsiku limenelo, ndipo mkamwiniyo mpaka lero sanazindikire.

Ntchito ya Dokotala sindiinyoza. Tamva kambiri Azungu akutiuza kuti takhala tikukhuta m'manja mwawo, ndipo n'kwabwino kuti wina ayeze aone ngati n'zoona. Koma Dokotala alibe apongozi ku Chiparamba. A Edmond ali nawo.

Yambani ndi ana, lero lomwe. Bango limenelo lisakhudzenso msana wa Molly. Ngati atate ake akufuna kudziwa mmene akukulira, khoma lilipo, makala alipo. Koma musalitenthe mobisa, ngakhale ndikudziwa kuti mwaganizapo kale. Mukatero amuna anu adzati nanunso mumawayesa mfiti, ndipo kumudzi adzati abisa umboni.

Kenaka khalani nawo pansi muwasiyanitsire zinthu ziwiri zimene azimanga mtolo umodzi. Palibe amene ayenera kupepesa imfa imene sanaibweretse, ndipo pamenepo musawakakamize. Chimene akapepese ndi zimene manja awo anachita. Mawu ake ndi ochepa: ndinagwira thupi la apongozi anga mopanda ulemu, ndinawagoneka pamphasa ali moyo, ndinalakwa. M'mawu amenewa mulibe ufiti, ndiponso mulibe bodza. Munthu wokonda zinthu zolondola ngati iwo sayenera kuvutika kunena chimene chinachitikadi.

Musapite nokha awiri. Ankhoswe a ukwati wanu sanafe. Wa kuchimuna ayambe wapita kwa a Bonifasi, m'meto usanafike, ndi nkhuku monga mwa mwambo, akapemphe tsiku. Tsikulo likafika, a Edmond anyamule bangolo okha, masana, anthu akuona, akalipereke m'manja mwa malume anu. Bango loyezera munthu malo ake ndi kumanda, si kuseri kwa chitseko. Atate anu anati alisunge, ndipo alisunga mokwanira. Manambala ali kale papepala la Dokotala, palibe chimene chitayike, ndipo ku Halale marula amagulitsa.

Dokotalayo mumuuze inu nomwe, poti mumatha kulankhula naye, kuti ulendo udikire m'meto. Munthu amene amacheza ndi asilikali amene anafa kalekale sangalephere kudikira milungu ingapo. Akakana, mudzadziwa kuti amuna anu ndi chiyani kwa iye.

Sindikulonjezani kuti amayi anu adzamwetulira. Mwina adzalandira nkhukuyo n'kukhalabe zaka osatchula dzina la mkamwini wawo. Chimene mungapulumutse tsopano si chikondi chawo pa iye, koma njira yoti inu ndi ana muzifika pakhomo pawo. Njirayo mudzaifuna. Buku likadzatha, Dokotala adzakwera sitima kubwerera kwawo, ntchito ya ku Halale idzatha, ndipo basi imene idzakubweretseni idzaima pa Fort Jameson pomwepa. Anthu a ku Chiparamba adzakumbukira kuti mkamwini anayeza apongozi ake n'kuthawa m'meto, ndipo ana anu adzakula ndi dzina limenelo.

Chenjezo langa ndi ili. Musalole kuti malume akusankhireni, komanso musamange katundu wa ku Halale bango likadali m'nyumba. Auzeni a Edmond zonsezi modekha, kamodzi, kenaka muone chimene achite. Bango ndi chinthu chopepuka, mayi. Ngati akana kukunyamulirani kuchokera kutauni kufika ku Chiparamba, inu musawanyamulire ana awiri ndi mapoto kupita ku Halale.

Aphungu