Amayi Asakwere Kandege ka ku Santa Ana

Santa Ana, Beni

Okondedwa achimwene a Fermín,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuwalola kupita kumunda? Ine ndilipo, kungoti mimbayi yakula, kuwerama ndi nkhondo. Anamwino akuti ndi mwezi wamawa.

Mwanena kuti amayi atsimikiza zobwera kudzandidikirira. Ndikupemphani, achimwene, muwaletse. Kuno madzi adzaza ponseponse, msewu unamira kalekale, cholowa ndi chotuluka m'tauni muno ndi tindege basi. Ndipo kandege kamodzi kandilanda Basilia.

Basilia ndi uja wa ku Punata, tinkaphika limodzi zakudya zogulitsa pabwalo la ndege. Ndi yekhayo ndinkalankhula naye Chikechuwa, chilankhulo chakwathu chija, kuno, ndiponso ndi amene analonjeza kudzandigwira dzanja tsiku lobereka. Tsiku la ngoziyo ankapita ku tauni ya Trinidad kukaona mdzukulu wake.

Ndinaona ndi maso angawa. Woyendetsa anali a Ovidio, munthu amene anaimira ana a theka la tauni ino pa ubatizo. Kunotu munthu akakuimirira mwana ndiye kuti wasanduka m'bale, sangakukanire kanthu, ndi mwano. Anthu atakwera kale, kunatulukira wina ndi thumba la nyama yoyanika, wina tchizi, wina batire la boti. Aliyense ati kangaka n'kochepa. A Ovidio ankangoseka, amvekere abale inu mudzandipha, uku akukankhira zonse kumchira poti kwina kunali kutadzaza. Basilia anandikuwira pazenera kuti wapanikizika ngati nkhuku yopita kumsika, ndipo ndisayerekeze kumupserezera mphika wake.

Dzuwa linali paliwombo, bwalo lili matope. Kandegeko kanathamanga mpaka kumapeto kwenikweni, kanadzuka mokakamiza, mphuno n'kuloza kumwamba kwambiri. Kenaka kanapendekera kumanzere n'kugwera kuseri kwa mitengo. Palibe anapulumuka.

Amakaniko akuti injini inalibe vuto. Akuti kukatentha chonchi mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, ndipo katundu akalemerera kumbuyo ndege imaimirira yokha, ngakhale woyendetsa akankhe bwanji chiwongolero. Kumaliro eni katundu aja ndiwo ankalira mokweza kuposa tonse. Sabata isanathe ndinawaonanso pabwalo ndi matumba ena, akunyengerera woyendetsa wina. Kaya mitima yawo ndi yotani.

Tsono amayi mukuwadziwa. Sangabwere chimanjamanja. Adzafika ndi mbatatesi, chimanga, mabulangete, mwina ndi mphero yomwe, ndipo adzamukalipira woyendetsayo kuti kodi alibe mayi iyeyo mpaka avomere. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Adikire mpaka msewu uume, adzabwere pa basi ndi matumba awo onse.

Akafunsa za a Rómulo, amuna anga, muwauze kuti ali pafupi kubwera. Zoona zake anapita kukasamutsira ng'ombe za abwana kumtunda, ndipo madzi anawatsekera komweko. Muwauzenso kuti ndili ndi azimayi ambiri ondithandiza. Limenelo ndi bodza, achimwene, koma mulinene molimba mtima. Madzulo ndikatsuka miphika ndimapezeka ndikulankhula ndekha Chikechuwa, woyankha palibe. Amayi ndikuwafuna kuposa kale lonse, ndipo ndikuchita mantha. Koma bola ndibereke ndekha, mwanayu adzawapeze agogo ake ali moyo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Severina ndi kwa ana onse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Teodora