Timipira ta Mayi Ingrid

Lachinayi, Novembala. Tsiku lolemera, mvula yosakata.

Mayi Ingrid, amene ndimawasamalira ku West Bromwich, anamwalira Lachiwiri. Ndinamvera pa meseji ya ku ofesi, yomweyonso yondiuza shifiti yatsopano.

Kumaliro sapita chimanjamanja, ndiye m'mawa ndinapanga timipira ta chokoleti ta kwawo ku Sweden, timene anandiphunzitsa. Umakanda oats wophikira phala uja, bata, shuga, koko ndi khofi wozizira, n'kuumba, n'kugubuduza mu kokonati. Saphika ayi. Ulendo woyamba ndinatiika mu uvuni poopa kudyetsa wodwala zaziwisi, tonse tinasungunuka. Anandiseka mpaka kutsokomola.

Ndinakwera tramu, kasitima ka m'tauni, kupita kunyumba kwawo nditamanga chitenje, wokonzeka kukhala pansi ndi anamfedwa mpaka madzulo. Pakhomo ndinapeza pali zii, popanda nyimbo kapena munthu wolira. Mwana wawo wamkazi anatsegula chitseko pang'ono.

"Mwabwera kudzasiya kiyi?" anandifunsa pa Chingerezi.

Ndinapereka kiyi ya nyumbayo, imene ndinkasunga. Kontena ya timipira sinatuluke m'chikwama.

Timipirato tili mu furiji. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuwasambitsa mayi aja, koma tsiku loika maliro sanandiuze. Mawa seveni koloko ndikasambitsa wina ku Bordesley Green.