Amalume a Tadala mu Gemu

Lachinayi madzulo. Mtima sukukhazikika.

Sabata yatha ndinaphunzitsa ana kupanga gemu pa kompyuta ya kutchalitchi: ukadina batani, njinga imadumpha dzenje. Tadala anaikamo chithunzi cha amalume ake oyendetsa njinga ya kabaza, ndipo tinkaseka akamagwera m'dzenjemo. Inenso ndinaseka, Ambuye mukudziwa.

Lero amalumewo agwadi panjira ya ku Milepa, mwendo wathyoka.

Mayi a Tadala andiimitsa pamjigo: "Aphunzitsi, mwanayu akuti munamuonetsa mogwetsera anthu. N'zoona?" Azimayi onse otunga madzi amva.

Mawa akulu a mpingo akufuna kuiona gemuyo. Ndikaifufuta, adzati ndikubisa ufiti. Ndikaisiya, adzaona amalumewo akugwa, n'kudzuka, n'kugwanso.

Ndapemphera, koma chala chidakali pa batani lofufutira...