Chitsime Chathu Chikununkha Dizilo

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu. Amuna anga ndi makaniki, ndipo galaja yawo ili kuseri kwa nyumba yathu. Kwa zaka zisanu ndi zitatu, oyilo wakuda amene amakhutula m'magalimoto, pamodzi ndi dizilo wotsukira zitsulo, akhala akuthira m'dzenje pansi pa mtengo wa mapeyala. Oyilo wina amathira m'chimbudzi, ati amapha fungo. Ndikadandaula amangoti, "Nthaka sitsamwidwa."

Tsopano chitsime chathu, chomwe chili pafupi ndi dzenjelo, chayamba kununkha dizilo. Mukatunga, pamwamba pa madzi pamayandama utawaleza. Tiyi akumveka ngati mwanyambita sipanala. Mtengo uja unauma kalekale.

Nditawauza amuna angawo anati, "Iwe, ine ndimadzutsa injini zakufa, ndiye chitsime chingandikanike?" Anakhutuliramo paketi ya sopo waufa, ati sopo amadula mafuta. Sabata yonse tinkatunga thovu. Kenako anaponyamo nyuzipepala yoyaka kuti mafutawo apse, koma zomwe zinapsa ndi nsidze zawo. Padzenje paja awakapo simenti n'kuikapo benchi ya makasitomala. Akuti nkhani yatha.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti mabanja anayi amatunga pano. Mmodzi mwa otungawo ndi mlamu wanga, mchemwali wawo weniweni, ndipo ndi woyembekezera. Akafunsa za fungo, abambowa amamuuza kuti ndi mankhwala ophera tizilombo. Ine andiletsa kutsegula pakamwa, ati galaja ingatsekedwe. Koma dzulo posesa ndapeza mabotolo a madzi ogula atabisidwa kuseri kwa matayala. Aphungu, ndiulule kapena ndisunge banja?

E.T.N., wa pafupi ndi galaja

Mayi E.T.N.,

Koma ndiye munakwatiwa ndi katswiri! Chitsime achichapa, achiwotcha, changotsala n'kuchisintha mapulagi. Ndaseka, koma nditafika pa mabotolo paja kuseka kunatha. Bambowa akudziwa bwinobwino kuti madziwo ndi oipa. Mimba yawo akuisamala, ya mchemwali wawo ayi. Zandikwiyitsa.

Lekani kumwa ndi kuphikira madziwo lero lomwe. Kuwiritsa sikuchotsa mafuta, mankhwala othira m'madzi akumwa sachotsanso. Tsekani chitsimecho ndi loko, ndipo auzeni anzanu onse chifukwa chake. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mlamu wanuyo akapita kusikelo akanene zomwe wakhala akumwa, osabisa.

Kenako itanani a zaumoyo kapena a zachilengedwe adzayeze madzi ndi dothi. Inde, mwina amuna anu adzakalipa. Kukalipa sikupha munthu.

Benchi ija ichoke, simenti iswedwe. Simenti yangobisa dzenjelo, pansipo mafuta akutsikabe kulowera kumadzi. Dothi lonse lakuda likumbidwe mpaka pomwe lasiya kununkha. Ngati si lambiri, akatswiri angakuuzeni kuti muliyale pa pulasitiki yolimba, mulisakanize ndi manyowa, muzilinyowetsa pang'ono ndi kulitembenuza sabata iliyonse. Tizilombo ta m'nthaka timadya mafutawo pang'onopang'ono, kwa miyezi ingapo. Popeza amuna anu amakonda kukonza zinthu, fosholo ikhale yawo. Ngati dothilo lachuluka, litengedwe kupita komwe akuluakuluwo anene, osati kudimba kwa munthu. Ndipo pamenepo musadzalepo masamba.

Za madzi apansi sindikunamizani, ndi ntchito ya akatswiri. Amapopa madziwo n'kuwasefa, kapena amangowayeza kwa zaka kudikira kuti ayere. Mwina chitsimecho simudzamwanso. Musachikape n'kutayira mungalande, kumeneko n'kungosamutsira vuto kwa aneba akumunsi. Oyilo wotsala azisungidwa m'migolo yotseka, apatsidwe kwa amene amatolera.

Chenjezo langa ndi ili: wina asalowe m'chitsimemo, mpweya wake umakomola, ndipo machesi muwabisire katswiri wanuyo. Nsidze zimamera, mutu sumera.

Mukufunsa ngati muulule kapena musunge banja. Mayi, mwana ali m'mimba mwa mlamu wanuyo ndi banjanso. Mabotolo aja anyamuleni lero mukatule kwa mayi wa mwanayo. Amuna anu akafunsa kuti madzi awo ali kuti, alozereni chitsime.

Aphungu